Jekete la Aulis

Pansi pa shopu ya matayala ku Oulu
pali chipinda chonunkha mowa wadzana ndi mawaya opserera.
Kunja chipale chofewa chakwirira galimoto ya Tuure mpaka m'magalasi,
dzuwa linatsanzika kale tisanadye nkhomaliro.
Tilipo anayi, tikujambula nyimbo ya eni.

Mwini wake ndi Aulis, wowotcherera zitsulo padoko,
amene Loweruka usiku ankabangula hevi meto
ngati munthu woti wameza unyolo.
Matepi awiri okha, kenako mapapo anakana.
Ine ndinamumva ndili ndi zaka khumi ndi zitatu
m'galimoto ya amalume, sipika imodzi itang'ambika,
ndipo kuchokera tsikulo lumo silinandikhudzenso kumutu.

Magulu asanu ndi anayi tagawana nyimbo zake
monga abale agawana zovala za malemu.
Ife tatola yachinayi, yaitali ija,
imene gitala amayamba ngati chitseko chadzimbiri.
Wina walemba kale m'nyuzipepala kuti ndife ofukula manda,
kuti zathu zatithera, chimbalechi n'chofunira ndalama.
Ndalama zake ziti? Za situdiyo tasonkha tokha.

Poyamba tinamutsanzira ndendende,
ngakhale pamene chala chake chinaterereka pa nsambo
ine ndinatererekanso dala.
Titamvera, tinangoyang'anana.
Inali nkhope ya Aulis, koma yosapuma.
Nkhwangwa yobwereka inali itaguluka tisanateme n'komwe.

Ndiye Raisa anavula nsapato, nati tiichedwetse.
Mawu ake ndi aakazi, opyapyala kumapeto,
jekete la Aulis limamulendewera m'mapewa.
Anangopinda manja ake n'kulivala choncho.

Cha m'ma eyiti anatsika masitepe mayi Vieno,
mkazi wa malemu, atanyamula fulasiki ya khofi.
Anakhala pa bokosi la sipika, thonje m'makutu,
chikwama pamiyendo ngati ali pa mzere kuchipatala.
Tinaimba mpaka fumbi kuyoyoka kudenga.
Iwo phee.

Titatha anachotsa thonje, nati:
Dzina mukukuwa pakatipo, mukuliyesa la ndani?
Tuure anati la chiwanda, aliyense amadziwa,
anthu analilemba mpaka pa mikono.
Mayiwo anaseka mpaka khofi kutayikira pa siketi.
Anali galu wathu, anatero.
Analowa pansi pa madzi oundana chaka chomwe tinakwatirana.
Aulis anamuitana usiku wonse pagombe,
m'mawa mawu atasasa, ndi mmene anapezera kaimbidwe kake.

Zaka makumi atatu takhala tikukunga zibakera m'mwamba,
kuitana galu.

Palibe anayankhula. Ampu inkangolira yokha, ziii.
Raisa anabwerera pa maikolofoni osatiyang'ana,
ndipo atafika pa dzinalo sanabangule,
analiitana monga uitanira chinthu
chimene ukudziwa kuti sichibwera.
Ndodo ya Tuure inaphonya kamodzi. Sitinakonze.

Sindinganene kuti yathu yaposa yake.
Yake ili ndi dzimbiri limene ife sitingagule.
Koma tepi ija ikutha, imadya mawu chaka ndi chaka,
ndipo nyimbo yosaimbidwa
imafa kachiwiri, mwakachetechete, m'kabati.

Mwana wa Tuure, wa zaka khumi ndi zinayi,
anamva yathu m'foni sabata yatha.
Dzulo wabwera kudzafunsa ngati wakaleyo alipo,
amene anayamba kuimba.
Ndamupatsa tepi ndi pensulo,
ndamuonetsa mozunguzira riboni ikatuluka.

Mayi Vieno anakana kutenga chimbale chaulere.
Analipira, nawerenga chenji,
nafunsa ngati tingalembe dzina la galuyo pachikuto,
m'munsi mwa la mwamuna wawo,
zilembo zake zocheperako pang'ono.